Opaleshoni ya miyala ya mu impso: mafunso amene anthu a m'Chigwa cha Shire amafunsa

Mayankho ali m'munsimu alembedwa ndi munthu amene anadwala miyala ya mu impso mpaka kuchitidwa opaleshoni, osati ndi dokotala. Chitulukireni m'chipatala, anthu a kwathu kuno ku Chikwawa ndi ena a ku Nsanje akhala akundifunsa mafunso amodzimodzi, ena pamaso, ena kudzera mwa achibale chifukwa cha manyazi, choncho ndaona kuti ndi bwino kuwayankha pamalo amodzi. Mawu omaliza pa matenda anu ndi a dokotala amene wakuyezani.

Kodi miyalayi imalowa bwanji m'thupi? Ena amati ndi mchenga wa mu mpunga.

Siilowa kuchokera kunja, imapangika m'kati momwemo. Mchenga umene munthu wameza pamodzi ndi chakudya umadutsa m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi, ndipo palibe njira imene ungadzere kuti ukafike ku impso. Ntchito ya impso ndi kusefa magazi usana ndi usiku, ndipo zosafunika zimene zasefedwazo zimasungunuka m'madzi n'kukhala mkodzo. Madzi akachepa m'thupi, mkodzo nawo umachepa, michere imene ili mumkodzomo imayamba kugwirana, ndipo kanthu kakang'ono kamene kayamba lero kamakula pang'onopang'ono mpaka kusanduka mwala weniweni woti n'kuugwira m'manja. Amayi amene amawiritsa madzi a pamjigo wamchere amazidziwa zoyera zimene zimakakamira pansi pa poto madzi akaphwa. Zochitika mu impso n'zofanana ndi zimenezo, kungoti zimatenga miyezi kapena zaka.

Miyala yambiri, pafupifupi 7 kapena 8 pa 10 iliyonse, imakhala ya mchere wotchedwa calcium, makamaka ya mtundu wa calcium oxalate. Ina ndi ya uric acid, ndipo ina imabwera chifukwa cha matenda obwerezabwereza a m'njira ya mkodzo, amene amavutitsa kwambiri amayi. Mtundu womalizawu ndi wachinyengo, chifukwa mwala wake umatha kukula mpaka kudzaza m'kati mwa impso munthu asakumva ululu waukulu. Miyala ya mu ndulu ndi nthenda ina, ndipo opaleshoni yake ndi inanso.

Kodi kutentha kwa kuno kuchigwa kukukhudzana nazo?

Kukukhudzana nazo kwambiri. N'zodziwika kwa madokotala kuti miyala ya mu impso imachuluka m'madera otentha komanso pakati pa anthu ogwira ntchito padzuwa. Kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo wodula nzimbe ku Nchalo, wososa munda wa thonje ku Ngabu, wopalasa kabaza pa Bangula kapena wodyetsa ng'ombe kudambo amataya madzi ambiri m'thukuta kuposa amene amamwa. Munthu wotere amatha kufika madzulo atakodza kamodzi kokha, mkodzo wake wofiirira ndi wonunkha, iye n'kumaona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira.

Palinso nkhani ya mijigo. Yambiri m'maboma awiriwa imatulutsa madzi amchere, ndipo vuto lalikulu la madzi amenewa n'lakuti sakoma, kotero munthu amangomwa pang'ono kuti ludzu lichoke basi. Pamwamba pa izo pali mchere wa m'ndiwo ndi wa mu nsomba zouma. Mchere ukachuluka m'thupi, impso zimatulutsa calcium wambiri mumkodzo, ndipo calcium ameneyo ndi amene amamanga mwala.

Ululu wake umakhala wotani, nanga umasiyana bwanji ndi msana wamba kapena likodzo?

Mwala ukakhala phee mu impso umatha kungopatsa kaululu kongonyong'onya m'nthiti chakumsana, kamene ambiri amati ndi kutopa ndi khasu. Zinthu zimasintha mwalawo ukasuntha n'kulowa m'kanjira kochokera ku impso kupita m'chikhodzodzo. Kanjirako n'kotalika masentimita pakati pa 25 ndi 30 koma kukula kwake ndi mamilimita atatu kapena anayi okha, ndiye mwala ukatsekamo mkodzo umadzadzana kumtunda n'kumatukumula impso. Kwa ine ululu unkayamba mbali imodzi ya msana, pansi pa nthiti, n'kutsikira pachinena mpaka kumaliseche, ndipo unkabwera mwamphamvu, kuleka pang'ono, kenako kubweranso. Wodwala msana wamba akapeza kagonedwe kabwino amapumako, koma wa mwala sapeza pogona, pokhala kapena poima: amagubuduka pamphasa, amadzuka, amagwada, amasanza, thukuta lili kamukamu.

Magazi mumkodzo ndi amene amasokoneza anthu ambiri kuno, chifukwa tinakula tikusamba mu Shire ndi m'madambo ndipo likodzo tinalizolowera. Magazi a likodzo nthawi zambiri amabwera kumapeto kwa kukodza ndipo sabwera ndi ululu woopsa wa m'nthiti. Komabe matenda awiriwa amatha kukhala mwa munthu mmodzi, ndipo likodzo lokhalitsa limasiya zipsera zimene zimachepetsa njira ya mkodzo. Munthu wamkulu akaona magazi mumkodzo asangomwa mankhwala a likodzo a praziquantel n'kukhala pansi, akayezetse.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira kuti kuche?

Ululu wa m'nthiti ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, nyamukani nthawi yomweyo. Kuno aliyense akanjenjemera timati ndi malungo, koma ngati kuyeza malungo sikunaonetse kanthu, uzani adokotala za ululu wa m'nthitiwo momveka bwino, chifukwa impso yotsekeka imene yalowa tizilombo imatha kufalitsa matenda m'magazi n'kupha munthu m'masiku ochepa. Chimodzimodzi ngati mkodzo wasiyiratu kutuluka, ngati mukusanza chilichonse ngakhale madzi, ngati ndinu oyembekezera, kapena ngati mukudziwa kuti muli ndi impso imodzi.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti ululu ukaleka sizitanthauza kuti mwala watuluka. Impso yotsekeka imatha kusiya kupweteka uku ikufa pang'onopang'ono, ndipo ikakhala yotsekeka kwa milungu yambiri siibwereranso mwakale. Pa zonse zimene ndalemba pano, mfundo imeneyi ndi imene ndimaibwereza kwa aliyense wondifunsa, chifukwa anthu amaopa fiyeta pamene choononga impso zambiri ndi miyezi imene munthu amakhala kunyumba akuti wapezako bwino.

Kodi mwala uliwonse umafuna opaleshoni?

Ayi. Mwala wosapitirira mamilimita 5 nthawi zambiri umatuluka wokha ndi mkodzo. Wa pakati pa mamilimita 5 ndi 10 umatha kutuluka kapena kukanika, ndipo woposa pamenepo kawirikawiri sutuluka wokha. Ngati mwala ndi waung'ono ndipo palibe kutentha thupi, adokotala amapereka mankhwala opha ululu, nthawi zina pamodzi ndi tamsulosin amene amamasula kanjira ka mkodzo, n'kudikira milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Nthawi imeneyi kodzerani m'chitini n'kusefa mkodzowo pa kansalu koyera, kuti mwala ukatuluka muuone ndi kupita nawo kuchipatala. Mukapanda kuuona, bwererani mukajambulitsenso ngakhale mukumva bwino.

Ndiyambire kuti, ndipo opaleshoniyi imachitikira kuti?

Ulendo umayambira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kumene amakulemberani kalata yopita kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Ena amadzera kuzipatala za mishoni, monga Montfort ku Nchalo kapena Trinity ku Muona, kumene kumakhala kolipira. Kumeneko amayeza mkodzo ndi magazi ndi kujambula sikani ya pamimba, imene imaonetsa ngati impso yatupa. X-ray imaonetsa miyala yambiri ya calcium koma siionetsa ya uric acid, ndipo chithunzi chimene chimaonetsa bwino kukula kwa mwala ndi pamene wakhala ndi CT scan. Odwala ofunika madokotala a njira ya mkodzo amatumizidwa ku Blantyre, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene tonse timangoti ku Queens.

Kuchokera pa boma la Chikwawa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, koma wochokera ku Nsanje amayenda pafupifupi 180, ndipo onse amakwera msewu wokhotakhota wa pachitunda kuyambira pa Thabwa, umene kwa munthu womva ululu m'nthiti ndi wautali kuposa mmene ulili. M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, koma thiransipoti, chakudya cha gadiyani ndi maulendo obwerera zimafuna ndalama, ndipo ndi bwino kuziwerengera zonse pamodzi musanagulitse mbuzi yoyamba. Si kawirikawiri kuti munthu achitidwe opaleshoni pa ulendo woyamba: amakuonani, amakutumani kukayezetsa, kenako amakupatsani tsiku. Buku lanu la kuchipatala, kalata ndi zithunzi zonse muzisunge m'pepala la pulasitiki limodzi. Tengani ndowa, kapu, mbale, sopo, zitenje ndi bulangete, pakuti kwa munthu wa kuchigwa usiku wa ku Blantyre umazizira ngakhale pamene eni ake akuti kukutentha.

Kodi pali njira zingati zochotsera mwala?

Pali njira zinayi zodziwika, ndipo imene mupatsidwe imatengera kukula kwa mwala, pamene uli, thanzi lanu, komanso zipangizo zimene zilipo pachipatalapo.

Yoyamba ndi yophwanya mwala ndi makina ochokera kunja kwa thupi, popanda kucheka. Wodwala amagona pabedi, makina amatumiza mafunde amphamvu olunjika pamwalawo kwa nthawi yosapitirira ola, ndipo tizidutswa timatuluka ndi mkodzo m'masiku otsatira. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu ku Munich m'dziko la Germany mu 1980. Imathandiza pa miyala yaing'ono, nthawi zina imafuna kubwereza, ndipo sachita kwa mayi woyembekezera. Yachiwiri ndi yolowetsa kachipangizo kowonda kokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo mpaka kukafika pamwala, n'kuuphwanya ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kapena kuukoka. Palibe bala lililonse kunja, ndipo munthu amatha kutuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Yachitatu ndi yoboola kabowo ka pafupifupi sentimita imodzi kumsana kulowa mu impso, imene inayambira ku Sweden mu 1976 ndipo imagwiritsidwa ntchito pa miyala yoposa masentimita awiri.

Yachinayi ndi yocheka m'nthiti, kutsegula impso kapena kanjira kake, kuchotsa mwala ndi kusoka. M'mayiko olemera njirayi yatsala pang'ono kusiyidwa, koma m'zipatala zambiri za mu Africa ikuchitikabe chifukwa makina a njira zinazo ndi okwera mtengo kugula ndi kukonza. Ine ndinachitidwa imeneyi. Anthu ena amaiona ngati yotsalira, koma ubwino wake ndi wakuti mwala waukulu umachoka wonse nthawi imodzi. Kuipa kwake ndi bala lalitali ndi kuchedwa kuchira.

Achibale akukana kuti ndichitidwe opaleshoni. Nditani?

Nkhani imeneyi ndi yeniyeni ndipo si yoseketsa. Kwa Amang'anja zinthu zazikulu zimadikira mwinimbumba, kwa Asena zimadikira abambo kapena akuluakulu a kuchimuna, ndipo pafupifupi banja lililonse lili ndi mbiri ya wina amene analowa ku fiyeta osadzukanso. Munthu wamkulu amene ali bwinobwino m'maganizo amasayina yekha chikalata chovomera, koma kukangana ndi amene adzakusamalireni mukatuluka sikuthandiza. Chimene chinathandiza kwathu ndi kutenga amalume kuti akamve okha kwa adokotala ndi kuona chithunzi cha impso yotupayo pambali pa inzake. Funsani pamaso pawo kuti choopsa cha opaleshoniyi n'chiyani, komanso kuti chichitike n'chiyani mukapanda kuchitidwa. Zoopsa zilipo ndithu, monga kutaya magazi, bala kulowa tizilombo, mkodzo kudontha pabala kwa masiku angapo, kapena kachidutswa ka mwala kutsalira, koma ziyenera kuyezedwa pamodzi ndi kuopsa kotaya impso.

Tsiku la opaleshoni limayenda bwanji?

Dzulo lake amakuyezani magazi kuti aone ngati ndi okwanira ndi kudziwa gulu lake, ndipo wogonetsa odwala amabwera kudzakufunsani za matenda ena ndi mankhwala amene mumamwa. Apa musabise kanthu. Nenani za BP, shuga, chifuwa cha mphumu, aspirin, ma ARV, mowa, fodya ndi mankhwala azitsamba, chifukwa zina mwa zimenezi zimachititsa kuti magazi asaundane msanga kapena zimalimbana ndi mankhwala ogonetsa. Amakuletsani kudya kwa maola osachepera 6, ndipo kawirikawiri amangoti kuyambira pakati pa usiku. Lamuloli si nkhanza, pakuti munthu wogonetsedwa akasanza, chakudya chimatha kulowa m'mapapo. Gadiyani wachifundo amene amabisira wodwala kaphala m'mawa amachititsa kuti opaleshoni iimitsidwe, tsiku n'kupita kwa wina.

M'mawa mumasamba, kuvala chovala cha kuchipatala chomanga kumbuyo, ndi kuvula mphete, mikanda, mano oikirira ndi chilichonse chomangidwa m'chiuno. Amaika dilipu pamkono n'kukukankhani pa kabedi ka mateyala. Mayi akunyumba anandiperekeza mpaka pakhomo la fiyeta, atanyamula masilipasi anga m'manja, ndipo pamenepo anawabweza. M'katimo munali mozizira ndi mowala kwambiri. Anandifunsa dzina kangapo, ndi mbali imene ikudwala, ndipo anesi anati, "Bambo, tiuzeni nokha, ndi kumanja kapena kumanzere?" Musadabwe ndi kubwerezako, ndi njira yopewera kulakwitsa. Atandiika chopumira kumaso anandiuza kuti ndipume kwambiri, ndipo chotsatira chimene ndikukumbukira ndi mawu a munthu akunditchula dzina kuti ndidzuke. Pa maopaleshoni ena, makamaka mwala ukakhala kumunsi, amabaya jakisoni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, munthu ali maso.

Nanga munthu akadzuka amamva bwanji?

Kukhosi kumauma ndi kukanda, mutu umazungulira, ndipo ena amasanza. Ndinadzipeza ndili ndi katheta wotulutsa mkodzo kupita m'thumba lopachikidwa pabedi, ndi kapaipi kena kotuluka pafupi ndi bala kochotsa madzi ndi magazi otsalira. Mkodzo wa m'thumbamo unali wofiira tsiku loyamba, ndipo gadiyani amene sanachenjezedwe amatha kulira poganiza kuti magazi akutha, koma umayera pang'onopang'ono. Ululu wa bala ulipo, makamaka potsokomola, poseka ndi potembenuka, koma ndi ululu wokhala malo amodzi umene umamvera mankhwala, wosiyana ndi wa mwala uja. Pindani chitenje n'kuchikanikiza pabala mukafuna kutsokomola, ndipo mankhwala akatha mphamvu nenani msanga m'malo molimba mtima.

Mawa lake anesi amakudzutsani kuti mukhale tsonga ndi kuyenda pang'ono. Zimaoneka ngati kuuma mtima, koma kugona osasuntha kumabweretsa chibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo. Chakudya chimayamba ndi madzi, kenako phala, nsima pambuyo. Wochekedwa amakhala m'chipatala pafupifupi sabata, ndipo ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 kapena 14, zimene zimatheka kuchipatala cha kwanu. Mwala wanga anandipatsa m'kabotolo: unali woderapo, wokhakhala, wokhala ndi timinga m'mbali, ndipo nditaugwedeza unalira m'botolomo. Ngati pali mwayi woti ukayezedwe kuti adziwe mtundu wake, vomerani, chifukwa malangizo a zakudya amatengera pamenepo.

Andiuza kuti andisiyira kapaipi m'kati. Ndi chiyani chimenechi?

Ndi kapaipi kofewa kapulasitiki, kamene madokotala amakatcha stenti, kopiringizika mbali zonse ziwiri, mutu umodzi mu impso, wina m'chikhodzodzo. Ntchito yake ndi kusunga njira yotseguka pamene m'kati mukadali motupa. Kunja sikaoneka. Kamachititsa kuti munthu azimva mkodzo pafupipafupi, azimva kuwawa m'nthiti pokodza, ndipo mkodzo uzifiira akayenda mtunda kapena akakwera njinga pamsewu wa mabampu. Zimenezi n'zosautsa koma si zoopsa, pokhapokha patabwera kutentha thupi kapena magazi oundana.

Choopsa chenicheni ndi kukaiwala. Kapaipika sikakhala m'thupi mpaka kalekale, kamayenera kuchotsedwa pa tsiku limene mwapatsidwa, kawirikawiri pakangopita milungu ingapo, ndipo kuchotsako ndi ntchito ya mphindi zochepa kudzera m'njira ya mkodzo, popanda kucheka. Kakakhalitsa miyezi yambiri michere imakakamira pamenepo, kamasanduka phata la mwala watsopano, kamatseka impso, ndipo kukachotsa kumafuna opaleshoni yaikulu kuposa yoyamba ija. Kwa ife a kuchigwa chiyeso chake n'chachikulu, chifukwa munthu wachira, bala lapola, ndalama zinathera ulendo woyamba, ndipo kumunda kukudikira. Musanatuluke m'chipatala funsani mwachindunji kuti, "Adokotala, kodi mwandisiyira kapaipi m'kati, ndipo ndibwere liti kudzachotsa?" Onetsetsani kuti tsikulo lalembedwa m'buku lanu, uzani gadiyani ndi wachibale wina, ndipo ndalama ya ulendo umenewo muipatule tsiku lomwelo.

Ganiziraninso nyengo. Tonse tikukumbukira mmene misewu ndi milatho ya kuchigwa inadukira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo a kutsidya la kum'mawa kwa Shire, monga ku Makhanga, amadziwa kuti ngakhale chaka chopanda namondwe madzi amatha kuwatsekera. Ngati tsiku lanu lagwera m'dzinja, auzeni adokotala kumene mumakhala kuti aone ngati n'kotheka kulisendeza, kapena konzani zokakhala kwa achibale kumtunda masiku angapo tsikulo lisanafike. Mukalephera kufika, pitani msanga njira ikangotseguka, musachite manyazi kuti mwachedwa.

Ndidzayamba liti kulima, kupalasa njinga ndi kukhala malo amodzi ndi akunyumba?

Amene sanachekedwe amabwerera ku ntchito zopepuka pakatha masiku ochepa. Wochekedwa m'nthiti apewe khasu, kunyamula matumba, kusenza ndowa ndi kupalasa kabaza kwa milungu yosachepera 6, chifukwa khungu limapola msanga kuposa minofu ya m'kati, ndipo kufulumira kumabweretsa chotupa pabala. Kuyenda pang'onopang'ono m'mawa kukadali kozizira n'kwabwino. Balalo likhale louma ndi loyera, musapakepo chilichonse chimene simunauzidwe, ndipo musalowe mumtsinje lisanapole. Likafiira, likatupa kapena likayamba kutulutsa mafinya, pitani kuchipatala.

Funso la m'banja abambo ambiri amalifunsa monong'ona. Opaleshoni ya miyala ya mu impso siikhudza mphamvu za abambo kapena kubereka, ndipo kachipangizo kodzera m'njira ya mkodzo sikaononga umuna, kamangosiya kuwawa pokodza kwa masiku ochepa. Amayi nawonso amatenga pakati ndi kubereka bwinobwino atachira. Nthawi yoyambiranso funsani adokotala, makamaka ngati stenti ikadali m'kati.

Kodi zitsamba, mowa kapena zakumwa za m'mabotolo sizingasungunule mwala?

Mwala wa calcium susungunuka ndi chakumwa chilichonse. Amene amati anachira ndi zitsamba nthawi zambiri anali ndi kamwala kakang'ono kamene kakanatuluka kale, ndipo madzi ambiri amene anamwera mankhwalawo ndi amene anathandiza. Kutema mphini pamsana sikungafike pa impso, ndipo zitsamba zina zimaononga impso imene ili kale pamavuto. Mowa umakodzetsa kwa kanthawi kenako n'kuumitsa thupi, pamene zakumwa zashuga zimawonjezera mpata wa miyala. Mwala wa uric acid wokha ndi umene umatha kusungunuka, ndipo zimenezo zimachitika ndi mankhwala a kuchipatala. Chenjeraninso ndi bulufeni ndi diclofenac ogula pagolosale: amathandizadi ululu wa mwala, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa milungu, thupi lili louma ndi dzuwa, kumapweteka impso ndi m'mimba.

Kodi miyala imabwereranso?

Inde, pafupifupi theka la anthu amene anakhalapo ndi mwala amadzakhalanso ndi wina pasanathe zaka 10, chifukwa opaleshoni imachotsa mwala koma siisintha thupi limene linaupanga. Chachikulu ndi madzi. Cholinga n'chakuti munthu azikodza malita awiri kapena awiri ndi theka pa tsiku, ndipo kuti zimenezo zitheke kuno m'chilimwe, malita atatu akumwa ndi poyambira chabe kwa munthu wogwira ntchito padzuwa. Muyeso wosavuta ndi mtundu wa mkodzo: ukhale woyera kapena wachikasu pang'ono tsiku lonse. Nyamulani chigubu popita kumunda, imwani musanamve ludzu, ndipo imwaninso musanagone ngakhale zikudzutseni usiku. Madzi a mumtsinje kapena pachitsime muwawiritse kapena kuthira klorini. Kufinyiramo ndimu kumathandiza, chifukwa madzi a mandimu ali ndi citrate amene amalepheretsa michere kugwirana, komanso amakometsa madzi a pamjigo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mchere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya. Nsomba zamchere muziviike ndi kutaya madzi ake musanaphike. Nyama, makamaka zam'kati, ichepe. Amene mwala wawo ndi wa oxalate achepetse bonongwe, sipinachi, mtedza ndi tiyi wakuda kwambiri, koma kuchepetsa si kusiyiratu, ndipo sindingauze munthu wa kumudzi kuti ataye ndiwo zimene ali nazo. Chodabwitsa n'chakuti mkaka, ngakhale uli ndi calcium, suyenera kusiyidwa. Calcium wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo n'kutuluka naye, kotero wosiyiratu mkaka amawonjezera vuto m'malo molichepetsa. Amene amamwa ma ARV adziwe kuti mtundu wina, atazanavir, umatha kuyambitsa miyala mwa anthu ena, koma asasiye kumwa okha, akakambirane ndi a kukiliniki kwawo.

Bwanji akapeza kuti impso yafa kale?

Zimachitika, makamaka kwa amene anakhala nthawi yaitali ndi impso yotsekeka. Ngati impsoyo yasiyiratu kugwira ntchito ndipo ikungosunga mafinya kapena kupweteka, madokotala amalangiza kuichotsa, atatsimikiza kaye kuti inzake ili bwino. Munthu amakhala ndi moyo wabwinobwino ndi impso imodzi yathanzi, amalima, amabereka, ndipo safunika makina osefa magazi, chifukwa yotsalayo imakula pang'ono n'kusenza ntchito yambiri ya ziwiri zija. Chimene chimasintha n'chakuti ululu wa m'nthiti mbali yotsalayo, kapena kuchepa kwa mkodzo, ndi nkhani yopita nayo kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu wotere aziyezetsa BP, shuga ndi mkodzo chaka chilichonse, ndipo aziuza aliyense womulembera mankhwala, ngakhale a mutu, kuti ali ndi impso imodzi.